Adada Akulipirabe Msonkho

Chikomeni, 9 Malichi 2025

Alongo anga a Rosemary,

Monire. Muli uli kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tili makora, kupatula mawondo a Amama amene sasintha. Mkazi wanga Miriam ndi mwana wathu Uchizi akupereka moni. Mvula yagwa bwino, chimanga chaima, fodya tayamba kuthyola.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu ndisanafike pa mfundo, komanso netiweki kuno imapezeka pachulu pokha. Ndapatsira kondakitala wa basi ya Lachiwiri.

Nkhani ndi iyi. Adada tinawaika m'manda mu Novembala, inu munalipo. Koma foni yawo ikadali moyo. Amama amaisunga m'chikwama cha Baibulo ndipo Loweruka lililonse amandituma kukaitchaja kusitolo. Mwezi ndi mwezi mumalowa uthenga wochokera kwa a msonkho. Umayamba ndi dzina lonse, Manasseh Zimba, kenako umati sanapereke lipoti la chigayo ndipo chilango chikukula. Ine ndimawerenga, Amama amamvetsera, pomaliza amafunsa ngati abwera kudzawagwira Adadawo. Ndinawauza kuti akabwera ndidzawalondolera pamene agona, koma Amama sanaseke.

Ndiye ndikufunsa inu amene mumawerengera anthu malipiro kukampani. Kodi munthu womwalira amalipira msonkho? Ngati amalipira, amasiya liti?

Chinanso, lamba wa chigayo wang'ambika ndipo tam'manga ndi waya. Ngati muli ndi kenakake tumizani, wayayo sindikumukhulupirira.

Ndine mlongo wanu,
Bornwell

Lusaka, 18 Malichi 2025

Bornwell,

Kalata yako yafika ikununkha dizilo. Tonse tili bwino. Upereke moni kwa Amama, uwauze kuti mafuta opaka m'mawondo ndaika m'phukusi lomweli.

Womwalira salipira msonkho, koma a msonkho sabwera kumaliro. Ngati palibe amene anapita kukawauza, kwa iwo Adada ali moyo ndipo akugaya. Mauthengawo amatumiza ndi makina, alibe chisoni, alibenso mkwiyo.

Tsopano werenga pang'onopang'ono, osati monga umachitira. Adada analembetsa chigayo pa msonkho wa malonda ang'onoang'ono umene amati tanova. Umenewu sayang'ana phindu. Amayang'ana ndalama zonse zimene zalowa, usanachotse za dizilo, usanachotse za lamba. Chaka chino pa handiredi kwacha iliyonse, faifi ndi yawo. Pali kandalama koyambirira kamene sadula, ukafunse kuofesi kuti pano ndi zingati chifukwa amasinthasintha. Lipoti la mwezi liyenera kupita pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ngakhale chigayo chikhale chakufa mwezi wathunthu, umawauzabe kuti sipanalowe kanthu. Chimene amalipiritsa chilango ndi kukhala chete.

Mutenge chikalata cha imfa mupite nacho kukhoti laling'ono kuti asankhe woyang'anira chuma cha masiye. Wosankhidwayo apite kuofesi ya msonkho akatseke nambala ya Adada, akasiyenso kalata yopempha kuti chilango achotse kapena achepetse popeza mwini wake anamwalira. Zikatero chigayo chilembedwe m'dzina la munthu wamoyo.

Unditumizire nambala ya msonkho ya Adada ndi ndalama zimene chigayo chalowetsa mwezi uliwonse kuyambira Novembala, ndikuwerengereni. Ndipo ndalama za chigayo zisamagone m'thumba limodzi ndi za sopo.

Za lamba ndatumiza pa foni yako. Ugule lamba, osati china.

Mlongo wako,
Rosemary

Chikomeni, 6 Epulo 2025

Alongo anga,

Monire. Lamba tagula, yewo. Mafuta aja Amama akuti amanunkha bwino, za mawondo sananene.

Kalata yanu ndinaiwerenga pang'onopang'ono monga munalamulira. Ndinawawerengeranso adada aang'ono, a Eston, amene anabwera kudzagayitsa osalipira monga mwa masiku onse. Titafika poti munthu wamoyo anandiimitsa n'kufunsa ngati wamoyoyo amakhala ku Lusaka. Ndinati kalata sinanene. Iwo anati mwana wa m'tauni akayamba kufunsa masamu, mawa lake amabwera ndi wogula. Anatinso chigayo chikakhala m'dzina la Manasseh palibe angakangane, poti Manasseh sayankha munthu.

Ine ndinapitiriza kunyamula matumba. Koma Lachinayi ndinapita ku boma, ku Lundazi, ndi foni ya Adada. Pafupi ndi msika pali bambo wina wa kompyuta amene amathandiza anthu mapepala otere. Anagogoda makina ake, kanambala kachinsinsi kanalowa mufoni ya Adada, iye n'kutsegula. Analemba malipoti a miyezi yonse yotsalira m'dzina lawo ndipo tinalipira pa foni pomwepo. Za chilango akuti tidzaona.

Choncho Adada alipira msonkho wawo. Ali moyo sanakhalepo oyera chonchi pamaso pa boma. Madzulo kunabwera uthenga wowathokoza. Amama anati ndiwawerengerenso kachiwiri, ndipo anagona tulo tabwino.

Ndiye musavutike ndi masamu aja, tathana nazo. Mwezi uno Adada adzalipiranso pa nthawi yake.

Bornwell

Lusaka, 15 Epulo 2025

Bornwell,

Tili bwino. Moni kwa Amama.

Zimene wachitazo zili ngati kuvala jekete la Adada n'kupita kubanki kukasayina. Wauza boma bodza kuti munthu amene ali m'manda akugaya chimanga. Tsiku limene adzadziwe, sadzafukula Adada, adzabwera kwa iwe. Bambo wa kompyutayo analandira zake, ndipo tsiku limenelo sadzakudziwa.

Uwauze a Eston kuti chigayo sindikuchifuna. Ndikachiika pati? Nyumba ya lendi imene tikukhala ili ndi zipinda ziwiri, ndipo njinga ya mwana imagona m'bafa.

Koma popeza tayamba kukayikirana, nanenso ndifunse. Ndinapempha masamu kuti ndithandize, iwe wakwera minibasi ulendo wonse uja kukalipira mlendo kuti ine ndisawaone. Ukubisa chiyani? Chigayo chimalira tsiku lililonse koma lamba ugule ndi ndalama zanga. Ngati ukuchifuna nena poyera. Ndiwe uli pakhomo, lembetsa dzina lako, palibe angakuletse. Chimene sindingalole ndi kudyera kuseri kwa dzina la malemu pamene Amama akupaka mawondo mafuta ochokera ku Lusaka.

Ndikudikira yankho pa basi ya sabata yamawa.

Rosemary

Lusaka, 27 Meyi 2025

Bornwell,

Muli bwanji kumeneko? Kondakitala walumbira kuti kalata yanga anaisiya kusitolo ndipo unaitenga wekha. Foni yako sikulowa. Ya Adada imaitana koma palibe woyankha, ndipo ndasiya kuiimba chifukwa dzina lawo likamaoneka pagalasi sindigwira bwino ntchito.

Ngati ndinakulakwira yankha undiuze, kuti ndione ngati ndinalakwadi.

Rosemary

Chikomeni, 12 Juni 2025

Rosemary mwana wanga,

Ndine amama ako. Akulemba ndi mpongozi wanga Miriam, ndipo ndamuuza alembe monga ndikunenera ngakhale pamene pakumukhudza iyeyo. Tili makora. Takolola, chimanga chadzaza nkhokwe mpaka china tathira m'matumba. Foni ya adada ako ikaitana ndimaiyang'ana, sindidziwa podina.

Bornwell kulibe. Anapita ku Chipata Isitala itangotha kukaphunzira kuyendetsa malole. Foni yake anagulitsa kuti fizi ikwane. Kalata yako yaukali ija anaiwerenga asananyamuke. Anaipinda bwinobwino, tsiku limenelo sanadye.

Iwe sudziwa chifukwa umabwera pa Khirisimasi ndi pamaliro. Mlongo wako fumbi la ufa limamutseka chifuwa. Chaka chatha tinathamanga naye kuchipatala pa njinga akupuma ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, ndipo adokotala anati asiyane nacho chigayo. Anawauza adada ako kuti akufuna kupita kukafuna ntchito ina. Iwo anati dikira ndiyambe ndachira. Sanachire.

Amene akugaya ndi Miriam, kuyambira pamene adada ako anagona pamphasa. Ndiye amaliza injini, amasintha sefa, amakangana ndi ogulitsa dizilo. Bornwell ankangonyamula matumba panja. Masamu amene unkafuna sanakubisire, sawadziwa. Amene anapita nawo ku Lundazi anamulembera Miriam. Anachita manyazi kukuuza kuti bwana pachigayo ndi mkazi wake. Ndalama za chigayo zoti tigulire lamba zinasowa chifukwa zinapita ku bokosi ndi ku chakudya cha anthu a pamaliro, amene ena anakhala mpaka chaka chatsopano.

Ndinamufunsa kuti bwanji osangolembetsa dzina lake. Anati akalembetsa sadzachokanso pano. Anati, "Onani Adada. Anamwalira koma mpaka lero sanawamasule."

Nanenso sindinkafuna kuti mutseke nambala ya adada ako. Pamudzi pano aliyense amati malemu. Kumpingo amati malemu. Uthenga uja wokha ndi umene umati Manasseh Zimba, ngati munthu amene wangopita kudimba. Koma ngati mwana wanga angamangidwe chifukwa cha zimenezo, tsekani.

Tsopano pabwera china. A sukulu ina yogonera komweko akufuna wowagayira chimanga teremu yonse kuyambira Seputembala. Akufuna pepala losonyeza kuti chigayo chilibe mlandu wa msonkho, ndiponso mwini dzina akasayine yekha pamaso pawo. Mwini dzina sangapite. Miriam akuifuna ntchitoyo ndipo angaithe. Koma a Eston akuti dzina la mpongozi likalembedwa ndiye kuti chigayo chapita kwa a Nyirenda, kwawo kwa Miriam. Akuti kuti pasakhale mkangano tilembe dzina lawo.

Iwe ndiwe woyamba kubadwa. Nena.

Amama ako,
NyaBanda

Alamu, ndine Miriam. Mawu oti ndikuifuna ntchitoyo sindinanene ine. Koma si abodza.

Lusaka, 21 Juni 2025

Amama,

Kalata yanu ndinaitsegulira kuntchito. Nditawerenga ndinapita kukakhala kuchimbudzi kwa kanthawi, mpaka anzanga anafunsa ngati ndadya zoipa. Munditumizire dzina la sukulu imene Bornwell akuphunzirako. Ndili naye mawu, ndimulembera payekha.

Tsopano mumve bwino, ndipo alamu muwawerengere Amama kawiri. Nambala ya msonkho si chikalata cha umwini. Imangonena amene ayenera kulipira. Munthu akhoza kulipira msonkho wa malonda a m'sitolo imene si yake. Chigayo chikhalabe cha inu Amama ndi ife ana anu, kaya pa msonkho palembedwa ndani.

Ine ndikuti woyang'anira chuma mukhale inuyo Amama. Alamu a Miriam atenge nambala yawoyawo, alembetse malonda ogaya m'dzina lawo, makinawo azichita lendi kwa banja. Mulembe pangano papepala, lonena lendi ya pamwezi ndi amene azikonza injini ikafa, pasayine mboni ziwiri za kumpingo. Lendiyo izibwera m'manja mwanu. Musadabwe, lendi nayonso boma limaiwerenga ngati ndalama yolowa. Ikapitirira malire amene anaika, nanunso mudzafunika nambala. Mukafunse komweko.

A Eston musakangane nawo. Mungowauza kuti wolembetsa dzina ndiye amene azilipira mwezi ndi mwezi, ndipo akachedwa chilango chizimutsata iyeyo kunyumba kwake. Mukatero mukhale chete, muwasiye aganize.

Kuofesi ya msonkho mukanene zoona zokhazokha za miyezi imene munalipira m'dzina la Adada. Mutenge umboni wonse wa malipirowo. Kudziulula wekha n'kosiyana ndi kugwidwa.

Kukhoti sindikwanitsa kubwera, nkhani zotere amaweruza kumapeto kwa mwezi ndipo anthu akachedwa kulandira amadziwa pamene ndimakhala. Ndaika muno kalata yosayina yovomereza zonsezi ndi kope la chitupa changa.

Alamu, zikomo. Mugule chophimba pamphuno, chifuwa chimodzi chatikwana.

Rosemary

Chikomeni, 3 Ogasiti 2025

Alamu,

Monire. Muli uli? Kuno tili makora. Uchizi wathothoka dzino ndipo akuuza aliyense wobwera kuchigayo. Amama akuti ndikuuzeni zonse mmene zinayendera, ndisadumphe.

Kukhoti a Eston anabwera atavala suti, ali ndi abale awiri a ku Kapichila amene ine sindinawaonepo. Tisanalowe Amama anandiuza ndiwawerengere a Eston mbali ija ya kalata yanu yonena za chilango. Anamvetsera n'kufunsa ngati chilangocho chimatha munthu akapepesa. Ndinati sindikudziwa, pakuti cha Adada chinapitirira ngakhale atamwalira. Titalowa, oweruza atafunsa ngati pali wotsutsa, a Eston anaimirira n'kunena kuti mayi amene wataya mwamuna sayenera kuvutitsidwa, ndipo iwo ngati mkulu wa banja akuvomereza kuti Amama akhale woyang'anira chuma. Anachoka msanga, akuti anali ndi za fodya. Abale awiri aja tinawalipirira ife minibasi.

Kuofesi ya msonkho tinapita ku Chipata kuti bambo a Uchizi akhalepo. Tinawapeza atatidikira pageti, aonda koma akupuma bwino. Amene anatilandira anali mayi wofatsa wa magalasi. Bambo a Uchizi anafotokoza okha za bambo wa kompyuta uja, osabisa kanthu. Mayiyo anamvetsera, anaona malisiti a pa foni, anati zoterezo asadzachitenso, n'kulemba zambiri. Kalata yopempha za chilango analandira, akuti adzayankha.

Kenako anafunsa Amama tsiku limene mwini malonda anasiya. Amama ananena tsikulo. Anawonjezera kuti unali m'mawa, kunja kukuwaza mvula yoyamba, ndipo Adada anali atapempha tiyi amene sanamwe. Mayiyo anaika cholembera pansi mpaka Amama anamaliza. Pamene anawapatsa inki yodindira chala anakana, anati asayina. Zinatenga nthawi, mzere unali wautali kumbuyo kwathu, koma palibe anadandaula. Pobwerera, titafika ku Lundazi, Amama anati ali ndi njala, tinawagulira mbatata yootcha.

Nambala yanga ndatenga, pepala la sukulu lija latuluka ndipo ndakasayina. Kuofesi kuja anawauza Amama kuti lendi yawo ikadali pansi pa malire, ndipo anaoneka okhumudwa pang'ono. Masiku ano amakhala pakhomo la chigayo pampando n'kumalandira ndalama, ine ndili mkati. Za chigayo zili m'chitini chake, za pakhomo m'chitini china. A Eston anabwera Lolemba ndi matumba awiri. Amama anawauza kuti tsopano chilichonse cholowa muno mpongozi wawo amakayankha ku boma. Analipira, koma sanatsanzike.

Lipoti langa loyamba ndi la pa 14 mwezi uno, ndiye ndili ndi funso. Ena salipira ndalama, amasiya gaga, ine n'kugulitsa kwa oweta nkhumba. Kodi ndilembe tsiku limene asiya gagayo kapena tsiku limene ndagulitsa? Mundiyankhe lisanafike tsikulo, sindikufuna kuyamba ndi chilango.

Ndine mlamu wanu,
Miriam

Nyimba, 13 Okutobala 2025

Alongo anga a Rosemary,

Monire. Muli uli ndi alamu ndi ana? Ine ndili makora. Chifuwa chatseguka, ndimakwera pamwamba pa katundu osaima panjira.

Kalata yanu ya mu Julayi ndinalandira kusukulu kuja. Ndinaiwerenga ndipo ndaisunga. Sindinayankhe chifukwa munalibe funso.

Laisensi ndinapata. Ndalembedwa ntchito pakampani ina yonyamula soya kuchokera ku Chipata, ndine wothandizira dalaivala wamkulu, a Danwell, mpaka adzandikhulupirire. Tsiku loyamba kalaliki anandifunsa nambala ya msonkho. Ndinati ndilibe ndipo sindikuifuna. Anati popanda imeneyo malipiro satuluka. Anandilembetsa pomwepo ndili chiimire, tiyi wake asanazizire. Kumapeto kwa mwezi ndinayang'ana papepala la malipiro kuti ndione zimene boma latenga, ndinapeza silinatenge msonkho. Kalaliki akuti malipiro anga sanafike pamene amayambira kudula. Sindinadziwe ngati ndikondwere.

Kumudzi ndinapitako sabata yatha. Miriam akugaya mpaka dzuwa kulowa ndipo walemba ntchito munthu wonyamula matumba, amene akuti amanyamula bwino kuposa ine. Yankho lanu la gaga analandira. A msonkho anayankha, chilango cha Adada achotsa. Amama apereka jekete la Adada kwa a Eston, lawakulira m'mapewa koma akuvala.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Tili paulendo wobwera ku Lusaka koma lole yatifera pano pa Nyimba, tikudikira chitsulo chochokera ku Chipata. Kalatayi ndapatsira basi kuti itsogole. Tikakonza tifika Lachinayi masana, ndipo tidzaima pamalo oimika malole musanalowe m'tauni, pafupi ndi pamene amayeza katundu. Tidzakhalapo mpaka Lachisanu m'mawa.

Amama anakupatsirani tambala. Ndinawauza kuti ku Lusaka nkhuku zilipo, anati si zawo. Tambalayo ali nafe m'lole muno, kampani sikudziwa. Amadya soya wa eni ake ndipo amalira m'bandakucha pafupi ndi khutu la a Danwell, amene anena kuti likadutsa Lachinayi adzamudya, ndipo a Danwell sanama.

Mubwere nokha, musatume mwana. Malole amakhala ambiri pamenepo ndipo onse amafanana. Tambalayo ndi wofiira, ine ndi amene ndidzakhale nditamunyamula.

Mlongo wanu,
Bornwell